Batani Limene Tisungeni Ankazimitsa

1

Dzina langa ndine Vailet. Kwathu ndi ku Thondwe ku Zomba, koma zimene ndikuuzenizi zinachitikira kuno ku Pretoria. Ndikulemba ndili ndi mkwiyo. Ndaupempherera kuti uchoke, koma mpaka lero udakalipo.

M'kati mwa sabata ndimagwira ntchito m'nyumba ina ku Brooklyn, kukolopa, kuchapa ndi kusita. Loweruka ndimakhala pa makina osokera. Ndinayamba ndi kusokera amayi anzanga a Mvano mabulauzi oyera ndi masiketi akuda, kenaka ndinayamba madiresi a zitenje. Mbiri itafika mpaka ku Durban, ndinaitanitsa mng'ono wanga Tisungeni kuchokera kumudzi kuti adzandithandize. Iyeyu anaphunzirako za makompyuta ku Zomba. Atangofika mu fulati yathu ku Sunnyside anati, "Achemwali, titsegule sitolo ya pa intaneti. Anthu azingodina, inu muzingosoka."

Anaimangadi sitoloyo. Ili ndi chimene iye amachitcha thimu, ndiko kuti maonekedwe ake onse: mitundu, pokhala zithunzi, pokhala mitengo. M'kati mwa thimumo mumalowetsedwa timaapu ting'onoting'ono, kalikonse ndi ntchito yake, kalikonse ndi poyatsira pake. Kena kamaonetsa ndemanga za ogula, kena kamathandiza munthu kudziwa saizi yake. Koma kofunika kuposa tonse kanali kamene kamaika batani lobiriwira pakona. Munthu akalidina amangopezeka akucheza nafe pa WhatsApp. Mukudziwa inu, Mmalawi sagula diresi asanafunse ngati nsaluyo simasuluka.

Poyamba batanilo linkafikira pa foni yanga. Koma madamu anga sankafuna kundiona nditagwira foni pa ntchito, ndiye mauthenga ankangogona osayankhidwa.

Amuna anga, bambo Alufeyo Likongwe, amagwira ntchito pa fakitale ku Rosslyn. M'kati mwa sabata ankagona ku Ga-Rankuwa, m'chipinda cha lendi, kuti azifupikira ku ntchito. Kunyumba ankabwera Lachisanu. Iwowa ndiwo anabweretsa nzeru.

"Mayi a Fatsani, musamavutike," anatero. "Mauthengawo azibwera kwa ine. Nthawi yopuma ndiziyankha."

Ndinauza Tisungeni kuti awapatse pasiwedi, ndipo anakasintha okha nambala. Tsiku limenelo ndinasita zovala ndikuimba nyimbo ya chiyamiko, kuthokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wogwirana nane manja.

2

Zinayenda bwino kwa miyezi ingapo. Kenaka Tisungeni anasintha thimu kuti sitolo ioneke yatsopano nyengo ya Khirisimasi isanafike. Anandiuza kuti ukasintha thimu, timaapu tonse timayenera kuyatsidwanso kamodzikamodzi, ndi kuona ngati zonse zili m'malo. Anakhala pa laputopu masana onse. Nditamuitana kuti tidye, anati sakumva njala.

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, Mai Lonely, mlembi wathu wa Mvano, anandigwira pamkono.

"Mai Likongwe, batani lija lapita kuti? Amayi a ku Centurion akufuna mayunifomu a msonkhano waukulu, koma akusowa pofunsira."

Nditafika kunyumba ndinamufunsa Tisungeni.

"Ndalizimitsa pang'ono, achemwali. Pali chimene ndikukonza."

"Ukukonza chiyani? Linali bwinobwino."

"Ingondipatsani nthawi."

Lachisanu bambo a Fatsani anafika nkhope ili gwaa. Anatsegula laputopu n'kuliyatsa okha. Lolemba batani linali litasowanso. Iwo anayatsira ku Ga-Rankuwa konko, iye anazimitsa. Anayatsa, anazimitsa. Sitolo yanga inasanduka bwalo la masewera, ine mwini wake ndikungoonerera. Pomaliza Tisungeni anasintha pasiwedi, osauza munthu.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili woyembekezera. Pathupi pam'mbuyo panali patapita padera, ndipo ku kiliniki anali atandichenjeza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndisamakwiye, ndisamaganize zambiri. Koma munthu ungaleke bwanji kukwiya pamene ntchito ya manja ako ikuseweretsedwa ndi mwana amene unamubereka kumsana?

"Tisungeni, apatse alamu ako pasiwedi."

"Sindiwapatsa."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindiwapatsa, achemwali. Ikani nambala yanu, ine ndiziyankha. Koma iwo ayi."

"Kodi sitoloyi ndi yako tsopano?"

Anangoyang'ana pansi.

3

Lamulungu masana, titadya, bambo a Fatsani anandiitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. Anakhala pabedi, n'kupukusa mutu ngati munthu wosenza chisoni cha dziko lonse.

"Ndakhala ndikubisa poopa mmene mulilimu," anatero. "Koma chikumbumtima chikundivutitsa. Mng'ono wanuyu nkhani yake si ya batani ayi. Akundifuna ineyo."



"Bambo a Fatsani, mukudziwa chimene mukunena?"

"Ndamukana, n'chifukwa chake akuwononga sitolo. Mufunseni kumene anali Lachitatu. Anabwera mpaka pa geti la fakitale, kudzandidikira. Anzanga onse anamuona. Ine mkulu wa kwaya, manyazi ake!"

Lachitatu limenelo Tisungeni anandiuza kuti akupita ku Marabastad kukagula nsalu za mkati mwa madiresi.

Ndinatuluka ngati mphepo. Ndinamupeza kukhitchini akutsuka mbale, mwana wanga Fatsani akumuthandiza kupukuta.

"Lachitatu unali kuti?"

Mbale inamuterereka m'manja n'kugwera m'madzi.

"Unapita ku Rosslyn?"

"Ndinapita."

"Kukatani?"

Anatsegula pakamwa. Anayang'ana alamu ake, amene anali ataima pakhomo manja ali m'thumba. Kenaka anayang'ana mimba yanga, n'kutseka pakamwa.

"Yankha, iwe! Kukatani?"

"Sindinganene pano, achemwali."

Dzanja langa, lomwe lija ndimakweza m'mwamba potamanda, linatera pa tsaya lake. Fatsani anakuwa. Ndinamutchula Tisungeni mayina amene sindingawalembe m'magazini ino. Ndinamuuza kuti ndinamutola m'fumbi la ku Thondwe, ndinamudyetsa, ndinamuveka, ndiye malipiro ake ndi amenewa.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaimbira amayi athu kumudzi, iye akumva. Ndinawauza zonse monga ndinazimvera. Amayi analira mokweza mpaka azakhali anathamangira kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Dzuwa lisanalowe, mtundu wonse unali utadziwa kuti Tisungeni anapita ku Joni kukalanda banja la mkulu wake.

Mawa lake ndinamugulira tikiti ya basi ya Loweruka.

4

Loweruka m'mawa bambo a Fatsani kunalibe. Anati ali ndi ovataimu, ndiponso sakufuna kuona nkhope ya munthu wopanda ulemu. Tisungeni anatulutsa chikwama chake. Anapsompsona Fatsani pamphumi. Laputopu anaisiya patebulo ili yotsegula, sitolo ili pomwepo.

Pakhomo anatembenuka.

"Achemwali, ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Batani lija musaliyatse mpaka mutachira."

"Tuluka m'nyumba mwanga."

Anatsika masitepe chikwama chikugunda kumbuyo.

Mawu akewo anandiwonjezera moto. Wandilakwira, ndiye akundilamulanso? Ndinakhala pampando n'kukokera laputopu pafupi. Ndinali nditamuonerera kokwanira. Ndinalowa mu thimu, ndinapeza pamene timaapu tija tandandalikidwa kumanzere. Tonse tinali toyaka kupatula kamodzi. Ndinadina poyatsira, ndipo pansi pake panatseguka kabokosi kolembamo nambala ya foni.

Nambala imene inali m'menemo sinali ya amuna anga.

Nambala yawo ndimaidziwa pamtima, ngakhale mutandidzutsa kutulo. Ndinadziuza kuti mwina ndi foni ya kuntchito. Ndinasunga zimene ndinasinthazo, n'kutenga foni yanga, n'kutsegula sitolo monga achitira kasitomala aliyense. Batani lobiriwira linali litabwerera pakona pake. Ndinalidina.

WhatsApp inatseguka. Pamwamba panali chithunzi. Ndinachikulitsa.

Mtsikana wowala khungu, atavala diresi la chitenje cha buluu la manja otukuka. Diresi limenelo ndinalisoka ine, ndi msana wopweteka, chifukwa amuna anga anati ndi oda yachangu ya kasitomala wa ku Rustenburg. M'manja mwake munali khanda. Kumbuyo kwake, atamugwira m'chiuno, akumwetulira mano onse pamtunda, anali bambo a Fatsani.

Sindinalire. Ndinaimba.

"Halo, mwafika ku sitolo ya zitenje, tikuthandizeni bwanji?" Mawu ake anali otsekemera ngati wathira shuga.

"Ndikufuna kuyankhula ndi mwini sitolo."

"Ndi ineyo, mama. Mai Likongwe. Koma mutha kungonditchula Jenifer."

"Mai Likongwe," ndinabwereza.

"Eya. Pepanitu, batani lathu linavuta masiku apitawa. Kamtsikana kamene kamatikonzera makompyuta kanayamba mwano, ndiye abambo akachotsa ntchito."

"Nanga zovalazi mumasoka ndinu?"

Anaseka. "Eish, ine ndi khandali ndingathe? Tili ndi mayi wina wachikulire ku Sunnyside, ndiye amatisokera. Amachedwa nthawi zina, koma dzanja lake ndi labwino. Ndi waganyu wa abambo kuyambira kale."

Owerenga, ndakhala ndikutchulidwa zambiri m'dziko lino la eni. Koma waganyu m'sitolo yanga, waganyu wa mwamuna amene ndinalumbira naye pamaso pa mpingo!

"Abambowo alipo?" ndinafunsa.

"Ali panja, akuchapa matewera. Ndiwaitane?"

"Ayi. Ingowauzani kuti waganyu wa ku Sunnyside anaimba."

5

Ndinagogoda kwa aneba athu, Mai Zuleka a ku Mangochi, n'kuwasiyira Fatsani. Atandiona nkhope sanafunse kanthu. Anangondipatsa botolo la madzi n'kunena kuti, "Yendani pang'onopang'ono, muli awiri."

Mabasi a kumudzi amanyamukira ku Johannesburg. Ndinakwera tekisi, ndiko kuti minibasi ya kuno. Foni ya Tisungeni inali yozimitsa. Ndinayesa, ndinayesanso. Tili pa msewu waukulu, foni yanga inalira. Anali bambo a Fatsani.

"Mayi a Fatsani, ndani wakuuzani kuti muyatse batani?"

Ndiwo mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwawo. Osati pepani. Osati muli bwanji.

"Matewera auma?" ndinafunsa.

"Tamverani, nkhaniyi ndi yofunika kukhala pansi. Mtsikanayu ndinangofuna kumupezera chochita, anali kungokhala..."

"Munamupezera chochita ndi msana wanga! Ine ndizisoka, iye azilandira ulemu? Amayi a Mvano akhala akucheza ndi chibwenzi chanu, akuyesa ndi ine?"

"Tsitsani mawu, magazi anu..."

"Lero mwakumbukira magazi anga? Pamene munkanamizira mng'ono wanga, magazi anga anali kuti? Munaima pakhomo manja m'thumba, ine ndikumumenya. Munaima, bambo a Fatsani! Lamulungu lomwelo m'mawa munali kutsogolo kwa kwaya, maso mutatsinzina!"

Anthu a m'tekisimo sankamva Chichewa, koma ankamva. Mayi wina wa pambali panga anandisisita pabondo n'kunena kuti, "Askies, sisi," kutanthauza kuti pepani. Ndinadula foni.

Njira yonse ndinali kupemphera pemphero limodzi, lopanda mawu okoma: Ambuye, basi ichedwe.

6

Inachedwadi, monga amachitira mabasi athu. Anyamata anali akadali kulimbana ndi mafiriji, matayala ndi migolo ya anthu. Tisungeni ndinamupeza atakhala pa chikwama chake pafupi ndi khoma, akuyang'ana nsapato zake.

Atandiona anaimirira. Anayang'ana nkhope yanga, n'kudziwa.

"Mwayatsa," anatero.

"Ndayatsa."

"Mwamwa mankhwala anu?"

Apa m'pamene misozi inabwera. Munthu ndinamumenya, ndinamuyalutsa, funso lake loyamba ndi la mankhwala anga.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndikuuzeni kuti mugwe pansi? Ulendo watha ndinali kumudzi, ndinangomva pa foni kuti mwana wapita. Sindinkafuna ulendo uno chikhale chifukwa cha pakamwa panga." Mawu ake anayamba kukwera. "Tsiku ndinasintha thimu lija ndi limene ndinaona nambalayo. Ndinaikamo ya alamu, iwo anabwezeramo ya mkaziyo. Ndinazimitsa, iwo anayatsa. Ku Rosslyn ndinapita kukawauza kuti asankhe: achotse nambalayo, kapena mukachira ndidzaulula. Anandiseka. Anati tiona amene adzakhulupiriridwe. Ndipo taonadi."

"Tisungeni, mng'ono wanga..."

"Ayi, achemwali, dikirani. Mbama ija ndaiiwala kale. Koma munaimbira amayi. Simunadikire ngakhale tsiku limodzi. Panopa ku Thondwe ndikatsika basi, ana azikandiloza. Ku tchalitchi ndikakhala pati? Mwamuna analankhula kamodzi, inu munakhulupirira. Ine mwandidziwa kuyambira ndili wamaliseche."

Ndinagwada pansi pomwepo, pa simenti yodzaza mafuta a galimoto, ndi mimba yanga. Anthu anayamba kutizungulira.

"Dzukani, mukundichititsa manyazi."

"Sindidzuka. Ndiuze chimene ndichite."



"Imbirani amayi. Pompano. Ikani poti ndizimva."

Ndinaimba. Amayi anayankha ndi mawu otopa, a munthu amene wakhala akulira sabata yonse. Ndinawapempha kuti aitane azakhali, ndi wina aliyense amene ali pafupi. Ndinamva mapazi, ndinamva zitseko. Ndipo ndili chigwadire pakati pa Amalawi anzanga onyamula katundu, ndinanena zonse: za nambala, za Jenifer, za khanda, za diresi la buluu. Ndinanena kuti ndinachitira mwana wawo umboni wonama.

Kenaka amayi anati, "Mpatse foni mwana wanga."

Sindinamve zimene anamuuza. Ndinangoona mapewa a Tisungeni akugwedezeka.

Kondakitala anayamba kuitana anthu. Ndinagwira chikwama chake.

"Tiye kunyumba."

Anachotsa dzanja langa mofatsa.

"Ndikupita, achemwali. Foni yafika kwa amayi ndi azakhali, koma bodza lija linafika mudzi wonse. Ndikufuna ndikalowe m'tchalitchi cha kwathu mutu uli m'mwamba, amayi ali pambali panga. Ndikabisala kuno, adzati n'zoona."

"Udzabweranso?"

"Sindikudziwa."

Anakwera. Anakhala mbali ina ya basi, kumene sindikanatha kumuona pawindo.

7

Mwana anabadwa bwino, wamkazi. Mulungu anandichitira chifundo chimene sindinachigwirire ntchito. Bambo a Fatsani amakhala ku Ga-Rankuwa. Ankhoswe anayesa mbali yawo, akulu a mpingo anayesa mbali yawo. Onse amandiuza za kukhululuka, ndipo ndikudziwa kuti akunena zoona, chifukwa Mawu ndimawerenga. Ndimati ndikafika pa mawu a kukhululukira otilakwira m'pemphero, lilime limalemera. Za mkaziyo mwina ndidzatha. Za ganyu mwinanso ndidzatha. Koma munthu amene anatenga dzanja langa n'kumenyera m'bale wanga kuti abise tchimo lake, ameneyo Ambuye andithandize, chifukwa pandekha sindinafikepo.

Sitolo ikuyenda. Ndinaphunzira kulowa mu thimu ndekha, ndipo kaapu kalikonse ndimakatsegula n'kuwerenga zimene zalembedwa m'kati mwake. Pasiwedi ili ndi ine.

Tisungeni sanabwerere. Akuphunzitsa makompyuta pa sukulu ina ya pulaiveti ku Zomba. Ndikamuimbira amayankha, amafunsa za ana, amaseka pang'ono. Koma kale ankandiuza zonse, ngakhale za mnyamata amene wamupatsa moni pa msewu. Panopa amandiuza za mvula ndi mitengo ya chimanga.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene muli kuno ku Joni ndi abale anu m'nyumba, ndili ndi mawu ochepa. Munthu amene mwamudziwa moyo wake wonse akayamba kuchita chinthu chosamveka, n'kumakana kufotokoza, musathamangire foni. Mufunseni muli awiri, chitseko chotseka, wokunenezayo palibe. Ine ndinafunsa mng'ono wanga funso lalikulu la moyo wake pamaso pa munthu yemwe ankamuopseza, ndipo atakhala chete ndinati ndiwo umboni.

Mwamuna ndinamutaya chifukwa cha zochita zake, ndipo zimenezo akayankha yekha. Koma mng'ono wanga ndinamukweza basi ndekha, ndi tikiti yogula ine. Mwezi wamawa ndikupita ku Thondwe ndi khanda. Ndapempha abusa a kumeneko kuti andipatse mpata Lamulungu, nthawi ya zolengeza. Bodza lija ndinalifalitsa ndi pakamwa panga, ndiye ndikaima kutsogolo kwa mudzi wonse n'kulichotsa ndi pakamwa pomwepo. Kaya Tisungeni adzabwera kudzamva, sindinamufunse. Ndikalankhulabe.